Kujambula zithunzi za nkhani uli pa sukulu ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwera chaka ndi chaka, makamaka sabata imene aphunzitsi alengeza kuti aliyense abweretse pulojekiti ya zithunzi. Ena amafunsidwa m'kalasi, koma ambiri amafunsidwa pakhonde kalasi itatha. Ndawasonkhanitsa pamodzi kuti amene mukuyamba kumene musasowe pogwira.

Kodi kujambula zithunzi za nkhani kumasiyana bwanji ndi kujambula pa ukwati kapena mu situdiyo?

Pa ukwati mumagwirira ntchito eni ukwati. Iwo ndiwo akulipirani, ndiye mukhoza kuwaimika akwati pomwe mukufuna, kuwauza kuti amwetulire, kenako n'kuwasalalitsa khungu pa kompyuta. Pamenepo palibe cholakwa. Wojambula wa nkhani amagwirira ntchito munthu amene kunalibeko, wowerenga wa ku Karonga kapena ku Nsanje amene akufuna kudziwa chimene chinachitikadi pa Katoto tsiku limenelo. Chithunzi chanu ndi umboni. N'chifukwa chake simukonza zochitika, simuwonjezera kapena kuchotsa kanthu, ndipo chithunzi chilichonse chimayenda ndi dzina, malo ndi tsiku.

Ophunzira ambiri amapezera ndalama ya lendi pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Pitirizani, manja amazolowera kamera kumeneko. Koma mukanyamuka kukagwira ntchito ya m'kalasi, zizolowezi za ku ukwati zitsale kunyumba.

Ku Mzuzu kuno ndingaphunzire kuti?

Malawi Institute of Journalism ili ndi nthambi mumzinda muno, ndipo ku Mzuzu University, ku Luwinga, kuli maphunziro a zofalitsa nkhani. Musanalipire fizi paliponse, funsani mafunso awiri: kodi ophunzira amapatsidwa ntchito yokajambula kunja kwa kalasi, nanga alipo amene amakhala pansi n'kuziona zithunzizo chimodzichimodzi? Yesetsaninso kudziwana ndi atolankhani a ku Nyika Media Club, bungwe la atolankhani a chigawo cha kumpoto. Kuyenda tsiku limodzi pambuyo pa munthu amene anazolowera ntchitoyi kumatsegula maso kwambiri.

Ndilibe kamera, ndili ndi foni basi. Ndiyambe kapena ndidikire?

Yambani lero. Zimene pulojekiti ya m'kalasi imaphunzitsa, monga kuyandikira anthu, kudikira, kusankha poima ndi kulemba mayina, zonsezi foni imakwanitsa.

Ingoisamalirani pa zinthu zingapo. Pukutani lenzi musanajambule, chifukwa foni yokhala m'thumba imadzaza mafuta a m'manja ndipo chithunzi chimatuluka chambuu. Musakokere chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, kuteroko kumangochiphwanya. Yendani ndi miyendo yanu. Zimitsani zosalalitsa nkhope, zimitsaninso kachidindo kolemba dzina la foni pakona pa chithunzi. Gwirani foni chopingasa nthawi zambiri, ndipo dinani pankhope ya munthu kuti kuwala kuyezedwe pamenepo. Onetsetsani kuti tsiku ndi nthawi za m'foni n'zolondola.

Pali pomwe foni imalephera. Mpira wa pa Mzuzu Stadium muli kunja kwa mzere, kapena chochitika cha usiku popanda magetsi, zimafuna kamera ndi lenzi yoyenera. Mukadzapeza ndalama, kamera yakale yogwiritsidwapo kale ntchito yokhala ndi lenzi ya 18-55mm ndi yokwanira kuyambira. Pogula, iunikeni lenziyo ndi tochi kuti muone ngati mulibe chuku mkati, chifukwa kuno n'kwa chinyezi.

Kamera ya sukulu ndi imodzi, pagulu tilipo asanu ndi mmodzi. Tigawane bwanji?

Musamapite nonse limodzi. Anthu asanu ndi mmodzi ozungulira mayi mmodzi wogulitsa tomato amamuchititsa manyazi, makasitomala amathawa, ndipo palibe amene amajambula chaphindu. Pitani awiriawiri: wina agwire kamera, wina kope ndi cholembera, mawa musinthane. Aliyense akhale ndi memori khadi yakeyake kuti pasadzakhale mkangano wa mwini chithunzi.

Chimene ndimadandaula nacho m'magulu n'chakuti anyamata amakonda kukakamira kamera, atsikana n'kusiyiridwa zolemba. Atsikana, musavomere. Pali malo ambiri, kusikelo ya ana, kuchitsime, kukhitchini ya pamaliro, kumene inu mumalandiridwa bwino kuposa mnyamata aliyense, ndipo nkhani zakumeneko sizijambulidwa mokwanira.

N'chifukwa chiyani aphunzitsi amatipatsa mapulojekiti m'malo mwa manotsi ndi mayeso olemba?

Chifukwa manotsi sangakuphunzitseni kuima pamaso pa munthu wachilendo n'kumupempha kuti mumujambule. Mukhoza kuloweza tanthauzo la ISO n'kukhoza mayeso, koma mukafika pa depoti ya mabasi mtima ukugunda n'kujambula misana ya anthu muli patali. Pafupifupi wophunzira aliyense amabwera ndi zithunzi zotere ulendo woyamba. Pulojekiti imakubwezani kumalo omwewo kachiwiri ndi kachitatu, mpaka manyazi atha, anthu akuzolowerani, ndipo mwayamba kuona zimene mlendo wodutsa sangaone. Imakuphunzitsaninso kusunga nthawi. Ku nyuzipepala chithunzi chofika tsamba litatsekedwa sichigwira ntchito, ngakhale chikongole chotani.

Ndisankhe mutu wotani?

Mutu waung'ono, wapafupi, ndiponso wooneka ndi maso. Ophunzira amakonda kulemba kuti mutu wawo ndi "umphawi" kapena "kusintha kwa nyengo". Zimenezo ndi zazikulu kwambiri, kamera singazigwire. Chimene kamera ingagwire ndi banja limodzi la ku Masasa limene nyumba yake ili pamatsitso, momwe likukumbira ngalande ndi kuunjika matumba a mchenga mvula isanafike. Nkhani ya nyengo ilimo kale m'menemo, koma tsopano ili ndi nkhope ndi dzina.

Mutu wanu uyeseni ndi mafunso atatu. Kodi ndingakafikeko wapansi kapena ndi ndalama ya kabaza imodzi, kangapo pa sabata? Kodi kumeneko kumachitika zinthu zogwirika, anthu akunyamula, akuphika, akukangana mtengo, kapena amangokhala pa desiki? Kodi eni ake andilola kubwerabwera? Limodzi likakanika, sinthani mutu msanga.

Mzinda uno uli ndi nkhani zambiri zimene timazidutsa tsiku lililonse. Anyamata a sakaramento, kabaza wa njinga zakapalasa, amene amapalasa njinga m'zitunda za ku Chiputula ndi ku Zolozolo, tsiku lawo limayamba nthawi yanji, amadya kuti, njinga ikathyoka amatani? Amayi amene amalandira nthochi ndi chinangwa zochokera ku Nkhata Bay m'bandakucha. Atelala a pakhonde nyengo yotsegulira sukulu, mayunifolomu ali mulu. Ocheka ndi kugulitsa matabwa a ku Chikangawa. Timu ya mpira ya atsikana ya m'dera lanu, kuyambira pokonzekera mpaka tsiku la masewero. Pa zonsezi sankhani munthu mmodzi kapena banja limodzi, osati gulu lonse.

Ndipo si nkhani zonse zimene ziyenera kukhala za mavuto. Dziko lathu lajambulidwa kwambiri ndi alendo amene amabwera kudzafuna njala ndi matenda, n'kubwerera kwawo sabata isanathe. Inu mumakhala konkuno. Muli ndi mwayi woonetsa anthu akugwira ntchito, akuseka, akupemphera, akumanga, popanda kubisa zowawa zimene zilipodi.

Ndingawafike bwanji anthu osandidziwa kuti andilole kuwajambula?

Ulendo woyamba kamera ikhale m'chikwama. Pitani mukapereke moni, mukhale pansi, mufotokoze. Pa siteji ya njinga pali tcheyamani, mumsika muli komiti, m'makwalala muli abuloko lida, kumudzi kuli amfumu. Kudumpha anthu amenewa ndiye chiyambi cha mavuto ambiri amene ophunzira amakumana nawo. Tengani chitupa cha sukulu ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi.

Lankhulani zoona zokhazokha: "Amayi, ine ndine mwana wa sukulu, ndikuphunzira utolankhani. Ndimafuna ndizibwera kudzaona momwe mumagwirira ntchito yanu, n'kumajambula. Zithunzizo akaziona aphunzitsi ndi anzanga m'kalasi. Zikadzafuna kupita ku nyuzipepala kapena pa intaneti ndidzabwera kudzakuuzani." Musalonjeze thandizo, musanene kuti mwatumidwa ndi bungwe. Anthu ambiri akaona kamera amaganiza kuti mayina akulembedwa kuti kubwere chithandizo, ndipo ngati simuwongola maganizo amenewo poyamba, mwawanamiza ngakhale simunatsegule pakamwa.

Ngati munakulira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, Chichewa chikuyendetsani bwinobwino m'tauni muno, koma phunzirani moni wa Chitumbuka. "Monire amama", "monire adada" ndi "yewo chomene" zimafewetsa nkhope ya munthu wamkulu. Kwa agogo amene amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, pitani ndi mnzanu wodziwa chiyankhulocho kuti chilolezo chimene akupatsani chikhale chomvetsetsa.

Munthu akakana, thokozani n'kuchoka. Akalola, masiku oyamba adzaima chilili n'kumayang'ana kamera ngati chithunzi cha pa chitupa. Musadandaule, jambulani chimenecho, muwaonetse, kenako khalanibe pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makasitomala akayamba kubwera adzakuiwalani, ndipo ntchito yanu imayambira pamenepo. Pulojekiti ikatha, tsukitsani zithunzi ziwiri kapena zitatu mukawapatse.

Akandiuza kuti "tipatseni kaye ya fanta", ndipereke?

Ayi, chithunzi cha nkhani sichigulidwa. Mukalipira, munthuyo amayamba kuchita zimene akuganiza kuti mukufuna, ndipo mnzanu wobwera pambuyo panu adzauzidwa mtengo. Fotokozani mwaulemu kuti ndinu wophunzira. Kugula tomato kwa mayi amene mwakhala naye m'mawa wonse, kapena kukwera njinga ya mnyamata amene mukumujambula n'kulipira mtengo wake wa nthawi zonse, zimenezo ndi umunthu ndipo palibe vuto.

Shutter speed, aperture ndi ISO zimandisokoneza. Ndigwire chiyani?

Zonse zitatu zimayendetsa kuchuluka kwa kuwala, koma chilichonse chili ndi mtengo wake. Shutter speed ndi nthawi imene kamera imatsegula. Pa 1/1000 ya sekondi wosewera mpira amaima nji m'mwamba; pa 1/250 munthu woyenda amaoneka bwino; mukatsika kupyola 1/60 mutagwira kamera m'manja, kunjenjemera kwanu komwe kumaoneka. Aperture ndi kukula kwa bowo la lenzi, ndipo nambala yaing'ono ndiyo bowo lalikulu: pa f/2.8 kuwala kumalowa kwambiri koma kumbuyo kwa munthu kumafufutika, pa f/8 zapafupi ndi zapatali zimaoneka pamodzi. ISO imakweza kuwala kwa chithunzi pamene malo ali amdima: 100 kapena 200 padzuwa, 1600 kapena 3200 m'tchalitchi kapena m'kati mwa msika. Mukaikweza chithunzi chimachita timadontho.

Pa ntchito ya nkhani, chithunzi cha timadontho chimagwira ntchito, chogwedezeka sichigwira. Choncho yambani ndi shutter speed yoyenera, zinazo zitsatire. Ndipo musachite manyazi kugwiritsa ntchito Av (inu musankha aperture, kamera isankha shutter speed) kapena Tv (inu musankha shutter speed, kamera isankha aperture), kapena A ndi S pa makamera ena, pamene zinthu zikuchitika mothamanga.

Nyengo ya kuno, mitambo, chifunga ndi mvula yosatha, sizindiwonongera zithunzi?

Zimakuthandizani. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, mvula imachedwa kusiya kusiyana ndi kummwera, ndipo mu June ndi July mawawa ndi chifunga cha m'mawa n'zosasowa. Mitambo imafewetsa kuwala, ndipo khungu lakuda limaoneka bwino kwambiri pa kuwala kotere: maso amaoneka, makwinya a nkhope amaoneka. Chovuta ndi dzuwa la masana la mu October, limene limaika mdima m'maso ndi pansi pa chipewa. Nthawi imeneyo jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, kapena dikirani munthuyo alowe pamthunzi.

Kamera ikamayeza yokha kuwala, thambo loyera kapena khoma lowala limainyenga, nkhope n'kutuluka yakuda bii. Onjezerani kuwala pang'ono ndi batani la +/- mpaka nkhope ioneke monga momwe maso anu akuionera.

Mvula ikamagwa musathawire m'nyumba. Anthu ofunda majumbo kumutu, njinga zodutsa m'matope, ogulitsa akuphimba katundu mothamanga, umenewo ndiwo moyo wa mzinda uno. Boolani jumbo, mulowetse kamera, lenzi yokha isuzumire. Mukafika kunyumba ipukuteni ndipo musaitsekere m'chikwama chonyowa. Batire limatha msanga kukazizira, ndiye lapadera muliike m'thumba la mkati.

Aphunzitsi akuti tibweretse nkhani ya zithunzi. Zikhale zingati, ndipo ndizisanja bwanji?

Tsatirani nambala imene mwapatsidwa. Kawirikawiri imakhala pakati pa 8 ndi 12. Chachikulu n'chakuti chithunzi chilichonse chinene chatsopano. Pakhale china chapatali choonetsa malo onse, china chapakati choonetsa ntchito ikugwiridwa, china cha nkhope, china cha kanthu kakang'ono monga zikhatho zokakala kapena ndalama zomangidwa pansonga ya chitenje, ndi china choonetsa munthuyo ali ndi anzake kapena ana ake. Ngati zonse mwajambula mutaima, pa msinkhu wa maso anu, nthawi yomweyomweyo ya tsiku, nkhaniyo idzakhala yogonetsa. Gwadani, kwerani pamwamba, bwerani m'bandakucha, bweraninso madzulo.

Posankha, tsukitsani timapepala ting'onoting'ono kapena sindikizani pa pepala wamba, muziyale patebulo. Ziwiri zikafanana, chimodzi chichoke. Chovuta kwambiri kuchotsa ndi chimene munachivutikira, mwina munadzukira 4 koloko, koma wowerenga saona kuvutika kwanu, amaona chimene chili pa pepala.

Mawu a pansi pa chithunzi ndi ofunikadi chotere? Chithunzi sichidzilankhulira chokha?

Sichidzilankhulira. Chithunzi cha anthu akuthamanga sichinena ngati akuthawa apolisi, akuthamangira basi kapena ali pa mpikisano. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amatayira malikisi, ndipo ine ndimaona kuti n'koyenera kutero, chifukwa munthu amene wakulolani kulowa m'moyo wake sayenera kutchedwa "mayi wina".

Chiganizo choyamba chinene ndani, akutani, kuti, liti. Chachiwiri chinene chifukwa chake kapena chimene sichikuoneka. "Amayi akugulitsa nthochi" si kanthu. Lembani kuti: "Mayi Akutiakuti, a zaka 46, akutsitsa mikoko ya nthochi zochokera ku Nkhata Bay pa msika wa Zigwagwa Lachiwiri m'mawa. Iwo ati amafika pamsikapo kusanache kuti apeze katundu wabwino." Musalembe zimene simungazidziwe, monga "ali ndi chisoni" kapena "akuganizira za tsogolo". Ngati anakuuzani okha, nenani kuti anatero.

Dzina lifunseni pompo, mulilembe, muwaonetse kapena muwawerengere. Safunsa anadya phula. Ng'oma ndi Ngoma ndi mayina awiri osiyana, ndipo banja lina limalemba dzina lake ndi r pamene lina limalemba ndi l. Mayi akakuuzani dzina limene limayamba ndi Nya, monga amatchulidwira amayi m'Chitumbuka, afunseni ngati akufuna lilembedwe chomwecho kapena monga lilili pa chitupa. Anthu akakhala angapo, atchuleni kuyambira kumanzere. Njira yosavuta ndi kujambula tsamba la kope lanu mukangomaliza kujambula munthuyo, kuti dzina likhale moyandikana ndi nkhope yake pa memori khadi.

Ndaphonya pamene zimachitika. Ndingawapemphe kuti abwereze? Nanga pa kompyuta ndingasinthe mpaka pati?

Musawapemphe. Mukauza munthu kuti "tanyamulaninso chidebecho", chimene mwajambula ndi sewero, ndipo mukachipereka ngati chochitika mwanamiza wowerenga. Ntchito zambiri zimabwerezedwa zokha. Mayi amene watunga madzi lero adzatunganso mawa. Chosiyana ndi chithunzi cha nkhope chimene mwachita kumuimika munthu, iye akuyang'ana kamera. Chimenecho n'chololedwa chifukwa aliyense amaona kuti anaimikidwa, ndipo mawu a pansi pake anene choncho.

Pa kompyuta mukhoza kudula m'mbali, kuwongola chopendekeka, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, ndi kukonza mtundu kuti ufanane ndi momwe zinalili. Simungachotse waya wa magetsi, botolo kapena munthu, simungawonjezere utsi kapena khamu, simungalumikize zithunzi ziwiri. Mafoni a masiku ano ali ndi batani lofufutira zinthu ndi zina za AI zodzazira malo. Pa ntchito ya nkhani musazikhudze n'komwe.

Anthu odziwa ntchito agwapo pa zimenezi. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times inachotsa ntchito wojambula wake Brian Walski atalumikiza zithunzi ziwiri za ku nkhondo ya ku Iraq kuti apange chimodzi chokoka maso. Mu 2006 kampani yofalitsa nkhani ya Reuters inasiya kugwira ntchito ndi wojambula Adnan Hajj atawonjezera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut, ndipo inachotsa zithunzi zake zonse m'nkhokwe yake. Mu 2015, pa mpikisano wa World Press Photo, pafupifupi chithunzi chimodzi pa zisanu zilizonse zimene zinafika m'gawo loyandikira kumapeto chinachotsedwa chifukwa chosinthidwa mopyola muyezo. N'chifukwa chake aphunzitsi amakufunsani fayilo yoyambirira, ya RAW kapena JPEG yosakhudzidwa. Mapulogalamu aulere monga Snapseed pa foni, kapena darktable ndi GIMP pa kompyuta, ndi okwanira pa zololedwazo.

Malamulo amati chiyani? Pali malo amene sindiyenera kujambula?

Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa atolankhani, koma gawo 21 limatetezanso chinsinsi cha munthu, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Pamsewu, pamsika ndi pabwalo la masewero mukhoza kujambula. M'nyumba ya munthu, m'sitolo, m'sukulu ndi m'tchalitchi mumapempha eni ake. Malo a asilikali monga Moyale Barracks, nyumba za boma zogona mtsogoleri wa dziko ndi malo ena otetezedwa ndi lamulo la Protected Places and Areas Act, musayerekeze popanda chilolezo. Kukhoti simujambula mlandu uli mkati pokhapokha khoti litalola. Kuchipatala mumafunika chilolezo cha akuluakulu a chipatala komanso cha wodwala mwini wake; chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.

Pa ana samalani koposa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Pemphani kholo kapena womulera, ndipo kusukulu pemphani ahedi. Mwana amene wachitiridwa nkhanza kapena ali pa mlandu saonetsedwa nkhope, dzina, nyumba kapena chilichonse chomuzindikiritsa. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza ana otere. Werenganinso ndondomeko ya khalidwe la atolankhani ya Media Council of Malawi.

Ganiziraninso zimene chithunzi chingamuchitire munthu ngakhale walola. Bambo wokankha njinga ya makala m'bandakucha akhoza kukulolani lero, koma nkhope yake ikafala akhoza kumangidwa pa malamulo a za nkhalango. Mufotokozereni zimenezo, ndipo mwina mujambule mosaonetsa nkhope.

Wapolisi kapena mlonda akakuimitsani, musakangane naye. Onetsani chitupa ndi kalata, imbirani aphunzitsi anu. Zikakula, bungwe la MISA Malawi limathandiza atolankhani pa nkhani zotere.

Nanga maliro, ngozi ndi zionetsero?

Pamaliro mumayamba mwakhala nawo ngati munthu. Kapepeseni, muonane ndi mwini mbumba kapena amfumu, ndipo akalola funsani pomwe mungaime. Musagwiritse ntchito flash, musadutse kutsogolo kwa bokosi, musalowetse lenzi pankhope ya namfedwa.

Pangozi, ngati palibe wina wothandiza, thandizani kaye. Mukajambula, kumbukirani kuti wagonayo ali ndi mayi ake amene mwina sanamve. Ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, zithunzi za pamalo a ngoziyo zinazungulira m'mafoni, ndipo zinapweteka mabanja ndi anthu ambiri. Wojambula wophunzitsidwa amadziwa kuti kukula kwa ngozi kumaoneka pa zidutswa, pa opulumutsa ndi pa nkhope za odikira, popanda kuvula ulemu wa omwalira.

Zionetsero si malo ophunzirira muli nokha. Mzinda uno ukudziwa bwino: pa 20 July 2011 anthu anaphedwa m'misewu yathu yomweyi, ndipo ena mwa iwo anaikidwa ku manda a ku Zolozolo. Zithunzi za masiku amenewo ndi mbali ya umboni umene dziko lili nawo, choncho sindinena kuti ntchitoyi ndi yosafunika. Koma wophunzira apite pokhapokha aphunzitsi akudziwa, ali pambali pa mtolankhani wozolowera. Musavale mtundu wa chipani chilichonse, musaime pakati pa apolisi ndi khamu, dziwiranitu njira yothawira, ndipo utsi wokhetsa misozi ukayamba, chokani. Palibe malikisi amene angalipire moyo wanu.

Ndisunge bwanji zithunzi kuti zisatayike?

Malo awiri osiyana musanafufute khadi, atatu ngati n'kotheka: laputopu, flash disk, ndi pa intaneti mukapeza Wi-Fi ya kusukulu. Foda iliyonse iyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mutu. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza mwa nthawi zonse chithunzi chimafinyidwa ndipo zambiri za tsiku ndi kamera zimachoka. Tchajani mabatire magetsi akadalipo, osadikira usiku woti mawa mukajambula.

Chithunzi chimene ndajambula pa ntchito ya m'kalasi ndi cha ndani?

Mwa nthawi zonse mwini chithunzi ndi amene anachijambula, pokhapokha ngati pali mgwirizano wina, monga wa ntchito yolembedwa kapena yochita kutumidwa. Werengani malamulo a sukulu yanu ndi chilichonse chimene mukusayina. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno.

Musaitenge mopepuka nkhaniyi. Sam Nzima wa ku South Africa anajambula chithunzi cha Hector Pieterson, mwana wa sukulu amene anaomberedwa ndi apolisi ku Soweto, pa 16 June 1976, chimene chinadziwika dziko lonse lapansi, koma umwini wake anaupeza mu 1998, patatha zaka 22. Wina akakupemphani chithunzi, gwirizanani polemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni: achigwiritsa ntchito pati, kangati, dzina lanu lilembedwa bwanji, ndipo alipira zingati. Kumbukiraninso lonjezo limene munapereka kwa eni nkhope, monga tanenera pa funso la kufika kwa anthu.

Anzanga ndi aphunzitsi akamadzudzula zithunzi zanga m'kalasi zimandiwawa. Nditani?

Zimawawa aliyense. Khalani chete, lembani zimene akunena, ndipo musayambe kufotokoza kuti kunali mdima kapena batire linatha. Funsani funso limodzi: ndikanaima pati? Podzudzula mnzanu nenani chimene mukuona pa chithunzicho, osati "n'chabwino" kapena "sichinandisangalatse" basi. Kenako bwererani kumalo komwe kuja sabata yomweyo, zonenedwazo zikadali m'mutu.

Ndingatani kuti zithunzi zanga zituluke mu nyuzipepala ndikadali pa sukulu?

Makampani a Nation Publications ndi Times Group ali ndi maofesi ku Mzuzu, ndipo Malawi News Agency ili ndi atolankhani m'maboma. Pitani mukadzionetse kwa mkulu wa ofesi, mutatenga zithunzi zanu zabwino zosapitirira 15, chilichonse ndi mawu ake a pansi. Mkonzi amayang'ana ngati mayina ali olondola ndi ngati mungadaliridwe, asanayang'ane kukongola.

Chochitika cha lero chitumizeni lero lomwe: zithunzi zitatu kapena zisanu zosankhidwa, china chopingasa china choimirira kuti wokonza tsamba asankhe, fayilo yaikulu, mawu a pansi athunthu, dzina lanu ndi nambala yanu. Musatumize chithunzi chimodzimodzi ku nyuzipepala ziwiri zopikisana osawauza. Funsani za malipiro ndi za dzina lanu chisanatuluke. Nkhani ya zithunzi ya pulojekiti yanu ingakwanire bwino m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, zimene zimakhala ndi malo ambiri, ndipo ngati mungalembe mawu ake m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, masamba a ziyankhulo zathu nawonso amafuna zithunzi. Zimene zatuluka zisungeni pamodzi ndi tsiku lake, chifukwa mudzazifuna popempha malo ophunzirira ntchito komanso polowa mpikisano wa mphoto za MISA Malawi, zimene zimaperekedwa pa chikondwerero cha tsiku la ufulu wa atolankhani la pa 3 May.